Khola la Zitseko Ziwiri

Mbuziyo inadwala m'sabata ya Telala, ndipo chimenecho ndicho Kalipentala anayamba kuona asanaone china chilichonse. Ndowa yodyetsera inali itapachikidwa pamsomali wa mng'ono wakeyo, kutanthauza kuti chilichonse chochitika m'kholamo mlandu wake unali wa kumeneko.

Anaipeza dzuwa litakwera pang'ono, itaima pakona miyendo itatangadza, mutu uli pansi. Mimba inali itafufuma mbali imodzi ngati yameza mpira. Inkakukuta mano, dovu likuchucha, ndipo ataiitana dzina lake, Nyangaimodzi, sinatembenuke n'komwe. Masiku onse mbuzi imeneyi inkathamangira munthu akangogwedeza chitseko.

Kalipentala ndi Telala anali a bere limodzi, koma sankayankhulana kuyambira pa maliro a mayi awo. Chiyambi cha nkhaniyo chinali chochititsa manyazi kuchifotokoza. Telala ananena pagulu kuti chivundikiro cha bokosi limene mkulu wake anakhoma chinali chopendekeka, Kalipentala n'kubweza kuti diresi limene anawaveka malemuwo dzanja lina linali lalitali kuposa linzake. Zonse ziwiri zinali zoona. Maliro atatha anagawana munda, makasu, mipando mpaka masupuni, Kalipentala n'kumanga mpanda pakati. Chimene chinawakanika kugawana ndi mbuzi ya mayi awo, poti panalibe wofuna kuoneka kuti wagonja. Choncho Kalipentala anamanga khola pamalire penipeni, la zitseko ziwiri, china kwake, china kwa mng'ono wake. Ankadyetsa mosinthana masabata. Sabata yako ikatha, unkadutsitsa ndowa pamwamba pa mpanda n'kuipachika pamsomali wa mnzako, pakamwa uli tseke.

Kalipentala anagwada n'kuigwira mbuziyo pamimba. Panali gwa! Anachita mantha, mantha enieni. Nyangaimodzi inali ndi bere, ndipo pa zinthu zonse zimene mayi ake anazigwirapo ndi manja awo, yopuma inali yokhayi. Ikafa, kholalo likanangosanduka mulu wa matabwa, ndipo sipakanakhalanso chifukwa choti mapazi a mng'ono wake azimveka pafupi ndi mpanda m'mawa uliwonse. Zimenezi sakanaulula kwa munthu aliyense, ngakhale womukanyanga pakhosi.

"Waithira poizoni," anauza mkazi wake atabwerera kunyumba.

"Alamu athire poizoni mbuzi ya mayi awo? Inu bambo, imbani foni kwa adokotala. Zolosera musiye."

Dokotala wa ziweto anafika pa njinga yamoto. Anali mayi wamfupi wovala majombo, chikwama chili kumsana, wosakonda kuchulukitsa moni. Phokoso la njingayo litangomveka, makina osokera kuseri kwa mpanda anasiya kulira, ndipo posakhalitsa chitseko cha mbali inayo chinatseguka. Abale awiriwo anaima aliyense pakhomo pake, mbuzi ili pakati.

"Mwini wake ndani?" anafunsa dokotala.

"Ndine," anayankha onse awiri.

Dokotalayo anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, ndipo sanafunsenso. Anali atalowa makola ambiri pa moyo wake.

"Yayamba liti?"

"Afunseni awo, sabata ndi yawo," anatero Kalipentala.

"Dzulo madzulo inali bwinobwino," anatero Telala. "Adokotala, muwauze achimwenewo kuti ine sindinailakwire kanthu mbuziyi."

"Ndiye mumuuze kuti m'sabata yanga sinadwalepo."

"Ine ndabwerera mbuzi, si kudzanyamula mauthenga," anatero dokotala akutsegula chikwama.

Anayamba ndi maso. Anatsitsa chikope cham'munsi n'kunena kuti magazi alimo okwanira, choncho si njoka zam'mimba. Anasisita kumaso, m'khosi ndi miyendo yonse kufuna potupa kapena pamene njoka yaluma, koma sanapeze. Anailowetsa choyezera kutentha kunsi kwa mchira, n'kuchiwerenga. Kenaka anagwada kumanzere kwa mbuziyo, n'kutsamiritsa khutu pamimba kwa kanthawi ndithu. Atadzuka anagogoda pamalo omwewo ndi chala, ndipo panalira ngati chigubu chopanda madzi.

"Mimba ya mbuzi yamoyo siikhala chete. Imabangula, imayenda. Iyi yaima."

"Si poizoni ameneyo?" anafunsa Kalipentala, maso ali kwa mng'ono wake.

Dokotala anawerama. Anatola kamtengo n'kutakasa ndowe zimene zinali pansi. Sizinali timibulu ta masiku onse, zinali zamadzimadzi, zonunkha chowawasa, ndipo munkaoneka tizidutswa ta chimanga.

"Poizoni wake ndi chakudya. Yadya chimanga chochuluka kuposa chimene mimba ingagaye, ndiye chasasa m'katimo, mpweya wasowa potulukira. Mumaipatsa chiyani?"

"Udzu, ndi madeya chitini chimodzi m'mawa," anatero Telala. "Masiku ano ndikumawonjezerako chimanga pang'ono, chifukwa cha bereli."

"Chitini chimodzi sichingatupitse mbuzi chonchi."

Anapita pa chodyeramo, chimene chinali chachitali kuchokera chitseko china kukafika china. Kumapeto kwa mbali ya Kalipentala anatapa zotsala ndi dzanja, n'kuziyala pachikhatho. Munali madeya, munali chimanga chofumbwa, ndipo munalinso tiziphalo ta matabwa topotanapotana, timene timatuluka munthu akamapala thabwa.

"Pano wopala matabwa ndani?"

Kalipentala ankasunga thumba lake la madeya mu shedi, pansi pa tebulo lopalira. Kuyambira pamene mbuzi inatenga bere, iye ankadzuka m'mamawa m'masabata a mng'ono wake n'kukaithirira mobisa, poti sankakhulupirira kuti munthu woyeza chilichonse ndi tepi angadyetse chiweto mpaka kukhuta. Dzulo lake anali atapeza chimanga chofumbwa chimene mkazi wake ankafuna kutaya, ndipo anachikhuthulira chonse m'chodyeramo, beseni lodzadza mpaka kusefukira. Pochoka anali wokondwa, akudziona ngati mwana wabwino wa mayi ake.

"Ndinaipatsako dzulo," anatero motsitsa mawu.

"Zochuluka bwanji?"

Anatambasula manja kusonyeza kukula kwa beseni. Dokotala anapukusa mutu.

Kalipentala anadikira kuti mng'ono wake amuseke. Akanakhala iye, akanaseka mpaka mudzi wonse umve. Koma Telala ankangoyang'ana ndowa ija pamsomali.

"Inenso m'masabata awo ndimaipatsa," anatero. "Ndinkaganiza kuti amaidyetsa utuchi."

"Ndiye mbuzi imodzi yakhala ikudya za mbuzi ziwiri, dzulo n'kudya za mbuzi zisanu," anatero dokotala. "Chabwino, zokambirana pambuyo. Inu, bweretsani thabwa ndi njerwa. Inu, mafuta ophikira, soda ndi madzi ofunda. Fulumirani, ikagona pansi ntchito ikula."

Thabwa analitsamiritsa pa njerwa, n'kuimika mbuzi miyendo yakutsogolo ili pamwamba. Dokotala anauza Telala kuti aipane khosi ndi mawondo n'kugwira mutu mowongoka, osaupenyetsa kumwamba, chifukwa madzi akalowa m'mapapo ndiye kuti aipha okha. Anauzanso Kalipentala kuti azisisita mimba kumanzere, mwamphamvu, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Kholalo analimanga kuti muzilowa munthu mmodzi pa nthawi, ndiye phewa la wina linkakhudza ntchafu ya mnzake. Panalibe kothawira.

Dokotala anaika kamtengo koboola pakati m'kamwa mwa mbuzi, n'kulowetsa kapaipi kofewa pang'onopang'ono, akudikira kuti izimeza yokha. Anaika khutu kumapeto kwa kapaipiko, kenaka anakanunkhiza, kuti atsimikize kuti kalowa m'mimba osati m'mapapo. Anakasuntha pang'ono, ndipo mpweya unatuluka ndi mluzu. Fungo lake linali loti munthu n'kuiwala dzina lake. Telala, yemwe nkhope yake inali pafupi, anatembenuza mutu misozi ili mbwe, koma mbuzi sanaitaye.

"Sisitani, musasiye," anatero dokotala.

Kalipentala anamva mimba ikufewa pansi pa zikhatho zake. Anapitiriza mpaka mikono inatopa. Dokotala anathira mafuta kudzera m'kapaipi kaja, kenaka madzi a soda, n'kukapinda asanakasolole. Anaibaya jekeseni m'khosi, ndipo anawauza kuti aiyendetse pang'onopang'ono. Nyangaimodzi inayenda mwadzandidzandi, inageya kawiri, n'kuimanso mutu uli pansi.

"Ichira?" anafunsa Kalipentala.

"Sindikudziwa. Mpweya tatulutsa, koma chimanga chikadali momwemo. Musaipatse madeya kapena chimanga, ingodya udzu wouma ndi kumwa madzi. Mukaona yayamba kubzikula, ndiye kuti mimba yadzuka, yapulumuka. Ikagona chammbali, mundiimbire. Za ana ali m'mimbamo sindikulonjezani kanthu." Anamanga chikwama n'kuyang'ana zitseko ziwiri zija. "Ndipo wodyetsa akhale mmodzi. Kaya ndi uyu kaya ndi uyo, ine zilibe nane ntchito, koma khola la mbuzi yodwala likhale ndi khomo limodzi."

Njinga itapita, Telala anakhala pa njerwa pambali pa mbuzi, poti sabata inali yake. Kalipentala anabwerera ku shedi. Anali ndi tebulo la munthu loti amalize, koma anapala mwendo umodzi mpaka unaonda kuposa inzake. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo sanali oti angathe ndi ntchito. Dzuwa litapendeka anatenga hamala, misomali ndi matabwa awiri, n'kupita kukhola. Kudzera m'mipata anaona mng'ono wake akadali pomwe paja, akuingitsa ntchentche kumaso kwa mbuzi ndi kansalu kotsala posoka. Kalipentala anatseka chitseko chake, n'kukhomapo matabwawo mopingasa. Telala anamva kugogodako, koma sanadzutse mutu.

"Mukudziwa kuti mwadzitsekera nokha kunja?" anafunsa mkazi wake ataima chapatali.

"Ndikudziwa."

"Nanga mbuzi muziiona bwanji?"

Kalipentala anamaliza msomali womaliza n'kugwedeza matabwawo kuona ngati agwira.

M'mawa mwake anadzuka nthawi yake yomwe ija yokathira madeya, koma analibe pothira. Anaima pa chitseko chokhomedwacho n'kutchera khutu, ndipo m'katimo munali zii. M'mipata sankaona pakona pamene mbuzi inkakonda kugona. Anasamba kumaso, anavala malaya, n'kutulukira kumsewu. Kuti munthu akafike kwa Telala ankayenera kutsata mpanda wonse mpaka kumapeto kwa munda, n'kukhota, n'kubwereranso mbali inayo. Mpandawo anaumanga yekha, ndipo aka kanali koyamba kuona kuti ndi wautali chonchi.

Pageti anaima. Mawu ake anatuluka aang'ono ngati a mlendo wopempha madzi.

"Odi."

Telala anatulukira kuseri kwa nyumba, khasu lili m'manja, dothi lili m'mawondo. Maso ake anali ofiira. Anayang'ana mkulu wake kwa kanthawi, kenaka anatsamiritsa khasulo pakhoma n'kubwera kudzatsegula geti.

"Ana yataya, achimwene. Anali awiri. Ndakwirira kuseriko."

Kalipentala anagwira chipilala cha geti.

"Koma yayamba kubzikula," anatero Telala. "Lowani mudzaione. Khomo ndi ili."