Kamiyoneta ya a Osvaldo

Bwanausi anali atagona chagada kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuonekera kunja, pamene a Osvaldo anayambiranso nkhani ya ulendo uja.

"Anthu anadzaza mpaka pamwamba pa kabini, Amisi. Mitolo, mbuzi, makanda. Mfuti zikulira kumbuyo kwathu, koma iyi sinazime ngakhale kamodzi mpaka tinaoloka malire."

Amisi anavomera ndi mutu. Sanafunike kuuzidwa, pakuti iye anali mmodzi wa anthuwo. Chaka chimene nkhondo inafika ku Mecanhelas, anakwera kamiyoneta yomweyi atanyamula mayi ake odwala, ndipo a Osvaldo sanalipiritse munthu aliyense. Mtendere utabwera, onse anabwerera kuchokera ku Malawi. Amisi anayamba kugula makumba ouma ku Chiuta n'kumakagulitsa panjinga, ndipo iye ndi mkazi wake Subira anasunga pang'onopang'ono kuti adzagule galimoto yokafikitsa nsomba ku Cuamba. Atamva kuti a Osvaldo akugulitsa yawo, anatenga mlamu wake Bwanausi, amene anaphunzira umakaniko ali kothawa nkhondo, kuti akaione.

Kunja kwake inali yokongola. A Osvaldo ankaipukuta m'mawa uliwonse, akuipapasa ndi manja, chifukwa ng'ala zinali zitaphimba maso awo onse awiri. Ankafuna kupita ku Nampula kuti akawachotse ng'alazo, ndipo mtengo umene anatchula unali pafupifupi zonse zimene Amisi ndi Subira anasunga.

"Mekaniko, wagona tulo kumeneko?" anafunsa a Osvaldo. "Kapena wasowa chonena?"

"Ndikumvetsera mtima wake, bambo," anayankha Bwanausi ali kunsiko. Anagogoda ndi sipanala. Chitsulo sichinalire. Chinangoti phu, ndipo tizidutswa tofiira tinagwera pankhope pake.

Anatuluka, n'kudzisasa, n'kukodola Amisi ndi diso. Awiriwo anapita kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, chikomekome cha mkuyu," anatero Bwanausi motsitsa mawu. "Zitsulo ziwiri zimene zimanyamula galimoto yonse zadyeka ndi dzimbiri. Ananyamulira mchere ndi nsomba zaziwisi zaka zambiri, kenako yakhala pamvula. Mukaikapo matumba anu n'kugunda dzenje pa msewu wa ku Cuamba, ithyoka pakati ngati chinangwa chophika."

"Sitingawotcherere?"

"Kuwotcherera pa chiyani? Chigamba sichigwira pa nsalu yovunda. Mlongo wanga sindinamupereke kwa inu kuti afedwe msanga. Mukufuna ana anu ndilere ine, ndi mphuno zawo zija zofanana ndi yanu?"

Amisi sanaseke. Anayang'ana mphasa imene a Osvaldo anakhalapo, ataweramitsa mutu ngati akumvetsera mphepo.

Mayi Margarida, mkazi wa a Osvaldo, anabwera ndi chikho cha madzi. Anagwada, n'kupereka kwa Amisi, koma sanadzuke msanga.

"Mwaona, eti?" ananong'ona. "Ine ndimasesa kunsi kwake. Ndimaona zimene zimagwa. Sindinawauze, ana anga. Ana athu awiri anatsala ku nkhondo, munda sangathe kulima, maso ndi amenewo. Chimene amadzukira m'mawa ndi galimotoyi. Muwauze kuti ndalama zakuchepererani. Musawauze zinazo."

Amisi anamwa madziwo. Anabwerera pamphasa n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mkuluyo.

"Bambo, galimoto taiona. Koma thumba langa lachepa. Sindingafike pamene mwatchulapo."

A Osvaldo anamwetulira. "Ndinadziwa. Wa nsomba salephera kulira. Ndinkafuna ipite kwa iwe chifukwa umaidziwa, ndipo nayo imakudziwa. Koma usadandaule. Yasini wa ku Entre Lagos anatumiza mawu, akubwera Loweruka. Iye sanenerera mtengo. Akufuna azinyamulira anthu otsika sitima."

"Anthu?"

"Eya. Amayi a malonda aja, ndi katundu wawo. Akuti azidzaza kawiri pa tsiku."

Amisi anacheukira kwa Bwanausi. Bwanausi anayang'ana pansi. Mayi Margarida anali ataima pakhomo, atagwira chikho chopanda kanthu ndi manja onse awiri.

Amisi ankawadziwa amayi amenewo. Ankakumana nawo pa siteshoni, atabereka ana, atasenza madengu a tomato ndi shuga wa ku Malawi. Subira yemwe ankakwera nawo masiku ena. Amisi anafuna kudzuka n'kutsanzika, nkhaniyo ikhale ya Yasini. Koma anakhalabe pamphasapo.

"Bambo," anatero, "ndakunamizani. Ndalama zilipo. Galimoto ndi imene yatha."

Nkhope ya a Osvaldo inasintha. "Watani?"

"Yavunda kunsi. Singanyamulenso anthu."

"Iwe Amisi! Ndinakunyamula uli ndi kabudula mmodzi, lero ukundichenjerera kuti nditsitse mtengo? Mwapangana kuseri kwa nkhokwe yanga? Ndine wakhungu, koma makutu ndili nawo."

"Ngakhale mutandipatsa yaulere, bambo, sinditenga."

Nkhuku inadutsa pabwalo. Kenako mkuluyo anatambasula dzanja.

"Ndiperekeze. Ndikagwire ndekha."

"Abambo, mudetsa malaya," anatero mayi Margarida.

"Adzachapidwa."

Anagwada movutikira pambali pa galimoto, n'kugona chagada, n'kudzikankha ndi zidendene mpaka mutu ndi mapewa zinalowa. Amisi analowa nawo. Kunsiko kunkanunkha oyilo wakale ndi fumbi. Anagwira dzanja la mkuluyo, lopepuka ngati phesi, n'kuliika pa chitsulo chachikulu cha kumanzere.

A Osvaldo anapapasa. Anakanda ndi chikhadabo, ndipo dzimbiri linayoyokera pachifuwa pawo. Anakankha ndi chala chachikulu. Chalacho chinalowa n'kutulukira mbali ina.

Sanachichotse msanga. Amisi ankamva kupuma kwawo.

"Chinacho?" anafunsa.

"Chimodzimodzi, bambo. Chinacho n'choposa."

Atatuluka, a Osvaldo anakana kugwiridwa. Anadzuka okha, atatsamira chitseko cha galimoto, n'kubwerera pamphasa. Tsitsi lawo loyera linali litafiira ndi dzimbiri.

"Margarida, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo ukanandisiya ndimupatse Yasini."

Mayi Margarida anaphimba nkhope ndi nsonga ya nsalu. "Ndinkafuna muone, abambo. Ndinkangofuna muonenso."

Mkuluyo sanawakalipire. Anapukuta chala chake pa buluku, mobwerezabwereza.

"Anthu amene ndinawanyamula anafika onse," anatero. "Palibe anagwa, palibe anatsala. Ndikanadzamva bwanji kuti yapha anthu pa msewu wopanda mfuti?" Anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli Bwanausi, koma analakwitsa pang'ono. "Mekaniko, usandikometsere. Chatsala chamoyo n'chiyani?"

"Injini, bambo. Ikutsokomola koma ili ndi mphamvu. A zigayo amazifuna zotere. Matayala awiri akutsogolo, ndi nyali."

"Zingandifikitse ku Nampula?"

Bwanausi anazengereza. "Kupita ndi kubwera, mwina. Zokagona kumeneko sindikudziwa."

"Zotsalazo ndi zanga," anatero Amisi. "Ndikuperekezani ndekha. Njinga ipumeko."

"Sindine wopemphapempha, Amisi."

"Inenso sindinapemphe tsiku lija, bambo. Munangoimitsa galimoto n'kuti kwerani."

A Osvaldo anakhala akusisita mawondo awo. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mthunzi wa galimoto unafika pamphasa.

"Loweruka Yasini akabwera, umupatse madzi akumwa, umuuze kuti sitigulitsa," anauza mkazi wawo. Kenako anati kwa Bwanausi, "Ubwere mawa ndi zida zako. Koma usayambe ndili pano. Margarida akandisiye kwa mlongo wake ku Chiuta, ndikhaleko mpaka mumalize."

"Ndamva, bambo."

"Ndipo mabauti uziwamasula bwinobwino. Usamenye ndi hamala."

Anadzuka n'kulowera kunyumba, dzanja lili patsogolo kufunafuna chitseko. Podutsa pa galimoto sanaikhudze.

Amisi ndi Bwanausi anakankha njinga zawo mpaka kumsewu. Atafika pamphambano, Bwanausi anafunsa, "Mlongo wanga mukamuuza chiyani?"

"Ndikamuuza kuti galimoto idikire chaka china," anayankha Amisi, "ndi kuti andichapire malaya a paulendo."