Mgolo Wabuluu wa Constance

Constance ankakupiza moto wa pambaula kuseri kwa lesitilanti yake pa Lisungwi pomwe Zainabu, mwini golosale yoyandikana naye, anasuzumira pampanda.

"Mwamva kodi, anzanga? A William akabaza aja atisiya m'bandakucha kuchipatala. Akuti ndi kolera."

Chikatoni chokupizira moto chinamupulumuka m'manja Constance.

"A William ake ati?"

"Alipo angati pano odya nyemba mbale ziwiri n'kupemphanso msuzi wapamwamba? Omwewo. Anzawo awiri akabaza nawonso ali padiripi."

Maso a Constance anathamangira pakona pomwe panali mgolo wabuluu wovundikira ndi chiguduli. Anthu atatu onsewo ankadya kwa iye masana aliwonse.

Mpopi unafika m'dera lawo chaka chathachi. Anakumba chitsime chakuya, n'kuimika thanki pamwamba pa zitsulo, makina a sola n'kumapopa. Tsiku lotsegulira amayi analuluta mpaka mawu kusasa. Koma walira mvula walira matope. Madziwo anali oyera bwino m'maso, koma olemera pakamwa, okhala ngati athiridwa kamchere. Sopo sankachita thovu. Pansi pa ketulo iliyonse panamera nkhanambo zoyera zochita kupala ndi mpeni. Mlangizi wa zaumoyo anafotokoza pamsonkhano kuti zoyerazo n'zochokera ku miyala ya pansi pa nthaka ndipo sizipha munthu. Anthu anavomera ndi mitu mwaulemu monga mwa masiku onse, n'kukayamba msonkhano wawo weniweni panjira. Ankafunsana kuti ngati madziwo akutere ndi ketulo yachitsulo, nanga impso za munthu?

Constance za impso analibe nazo ntchito. Chake chinali nyemba. M'madzi apampopi zinkakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, makala n'kutha, izo zili gwa.

"Mayi, izi ndi nyemba kapena mwatitolera miyala mumsewu wa ku Neno?" William ankamuseka choncho, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

Kusekako kunkapirika, koma mabenchi atayamba kukhala opanda anthu, Constance anaganiza zake. Anayamba kulawirira kumtsinje wa Lisungwi anthu asanadzuke, n'kumadzaza mgolo uja. Nyemba zinayamba kufewa ngati mbatata, tiyi n'kubwerera mtundu wake. Poyamba madziwo anali ophikira okha. Kenaka anayamba kutsukira mbale. Tsiku lina kukutentha, anatunga mumgolo momwemo n'kuthira m'jagi ya patebulo. Kolorini sanathiremo, poopa kuti fungo lingawononge kukoma.

"Madzi anuwa mumawatani kuti azitsekemera chonchi?" William anafunsa atagugudiza makapu awiri.

"Ndimasefa," iye anayankha, ndipo bodzalo linatuluka mosavuta.

Tsopano William anali atagona m'nyumba ya chisoni, ndipo Zainabu anali chiimire pampanda, ndowa ili m'manja.

"Nanga ndowayo mukupita nayo kuti?" Constance anafunsa.

"Kumtsinje. Mpopi aumanga ndi waya. Anthu akuti ndi madzi omwe aja apha munthu, eti ufa woyera umene a Sosten osamala mpopi aja amathira m'thanki ndi womwe umamera m'maketulo mwathumu. Ine mwana wanga Fadila samwanso zimenezo."

"Musapite kumtsinje."

"Chifukwa?"

Constance anawerama n'kutola chikatoni chake chija. Zainabu anamuyang'ana pang'ono, n'kudzimangirira mpango, ulendo.

Atatsala yekha, anakankha mgolo uja mpaka unagwa. Madzi anayenderera m'ngalande n'kumwerera m'dothi. Anautsuka ndi phulusa, n'kuuvundikira chafufumimba. Umboni unali utatha. Palibe anamuonapo akuchokera kumtsinje, ndipo akanangokhala chete, nkhani ikanafera pomwepo. Ankadziwa bwino zomwe anthu okwiya amachita pamsika akagwira munthu, ndipo ankaopa kwambiri. Anaganiza za ana ake awiri omwe anali kusukulu, ndi denga laudzu la lesitilanti yake.

Ali m'maganizo choncho, amayi oyamba anayamba kubwerera kuchokera kumtsinje, ndowa zili pamutu. Mmodzi anaima pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kutula. Anatunga madzi ndi chivundikiro cha botolo la tiyi n'kumwetsa mwana amene anali kumsana. Mwanayo anamwa mosangalala, madzi akutsikira pachibwano.

Constance anatseka chitseko osakhoma n'kuyamba kuyenda. Sanadziwe ngati akupita kukanena kapena kukangoonerera.

Pampopi panali khamu. Sosten, bambo wachikulire amene komiti ya mpopi inamusankha kuti azisamala thanki chifukwa sankamwa mowa, anali atakhala pansi m'matope. Malaya anali ong'ambika paphewa, mlomo ukutuluka magazi. Patsogolo pake anaikapo chitini cha kolorini chotsegula. Bambo wina wakabaza ankazungulira ndi ketulo yakale, kuonetsa anthu nkhanambo za m'kati.

"Onani zimene tikumwa. Izi zili m'mimba mwa aliyense pano."

"Abale anga, mankhwalawa ndi oteteza," Sosten anatero. "Ndimathira muyezo womwe anandiphunzitsa. Zidzukulu zanga zimamwa madzi omwewa."

"Ngati ndi oteteza, adye tione," wina anatero kumbuyo.

Mawuwo anawakomera anthu. Supuni inapezeka msanga, monga zimapezekera zinthu pa tsiku loipa. Wakabaza uja anaitapitsa m'chitini mpaka kudzaza, amuna awiri n'kumugwira Sosten mikono. Fungo la ufawo linkaswa mphuno ngakhale kwa oima patali. Constance ankadziwa kuti ufa umenewo ukagwera pansalu umaiboola.

"Musiyeni bamboyo."

Mawu a Constance anatuluka aang'ono, moti anachita kubwereza. Anthu anatembenuka.

"Mayi a nyemba, inu zikukukhudzani bwanji?" wakabaza anafunsa.

"A William sanafe ndi madzi apampopi. Iwo ndi anzawo aja ankamwa kwa ine. Madzi a m'jagi mwanga ndinkatunga kumtsinje, masabata atatu tsopano, osathira kanthu. Ndinkanama kuti ndimasefa." Anatembenukira kwa amayi osenza ndowa. "Amene mwatunga kumtsinje lero, chonde musamwetse ana."

Amuna aja anamusiya Sosten. Supuni inagwera m'matope. Mayi wina anatula ndowa yake pansi pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wake kumaso. Kenaka phokoso linayamba, lapansipansi, ndipo bwalo lomwe linazinga Sosten linayamba kusunthira kwa Constance. Iye anaona mnyamata wina akuwerama kufuna chotola.

"Ndipatseni njira."

Anali Christabel, mkazi wa malemu William. Ankachokera kuchipatala, chitenje chili kumutu, azimayi awiri a mumpingo atamugwira m'mbali. Anthu anapatuka. Anafika pafupi kwambiri ndi Constance, maso ali ofiira koma ouma.

"Mwati ndinu?"

"Ndine, mayi."

"Mukudziwa kuti andikaniza kuwasambitsa? Awakulunga m'pulasitiki. Ngakhale kuwatseka maso sindinawatseke."

Constance anagwada m'matope momwemo. Anafuna kupepesa, koma anaona kuti mawu aliwonse achepa. Anangoweramitsa mutu kudikira chomwe chibwere.

Christabel anatembenukira kwa wakabaza uja.

"Achimwene, masulani wayayo anthu atunge. Maliro amodzi andikwana." Kenaka anayang'ananso pansi. "Inu dzukani. Zimene mwanena panozi mukazinene kuchipatala, ndipo mukatchule aliyense amene anamwa kwanu, mmodzimmodzi, awafunefune asanayambe kutsegula m'mimba. Kukhululuka musandifunse lero."

"Anthuwa sandilola kufika," Constance ananong'ona.

"Tsogolani."

Constance anadzuka, matope ali m'mawondo, n'kuyamba kuyenda kulowera kuchipatala. M'mutu mwake anayamba kale kusanja mayina, ndipo ankachuluka kuposa momwe ankaganizira. Christabel anasiya amayi a mumpingo aja n'kumutsatira pambuyo penipeni, moti aliyense wofuna kugenda Constance akanayamba walasa namfedwa. Anayenda choncho msika wonse, wina patsogolo wina pambuyo, osalankhulana.