Nyimbo Yachitatu ya Hortência

"Kweza nyimboyo, Nércio, ababa aimve ali pamphasa pomwepo," anatero Hortência kwa mlongo wake, akuzungulirazungulira pakhonde.

Hortência ankaimba jazi ku Beira. Anabwera kwawo ku Domwe ndi chimbale chatsopano cha nyimbo zakale ndi zamakono, zonse ataziphika mwa iye yekha ndi lipenga ndi piyano. Mtima sunali m'malo. Bambo ake, a Geraldo, anali chigonere, ndipo iye ankafunitsitsa kuti achimve n'kuchidalitsa chisanatuluke.

Nyimbo ziwiri zinadutsa bwino. Yachitatu inali ija amayi amaimba potulutsa maliro m'nyumba. Ku Beira ankaiombera m'manja, koma Domwe si Beira.

Isanafike n'pakati pomwe, mayi Otília oyandikana nawo nyumba anatulukira m'munda wa mbatatesi, manja ali kumutu, akulira mokuwa. Ena anataya makasu n'kuwatsatira. Amuna anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, zipewa zili m'manja.

"Thimitsa, Nércio!" anakuwa Hortência.

"Atisiya nthawi yanji?" anafunsa mayi Otília akusisima.

"Ali moyo, amayi. Ndi chimbale changa chabe."

Misozi inauma pompo.

"Chimbale? Nyimbo imeneyi saimba munthu akupumabe! Ukulaula bambo ako? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, mwana iwe!"

Hortência anachita manyazi, komanso anapsa mtima, pakuti pa chimbale chonsecho nyimbo imene ankainyadira inali yomweyo. Ali chiimire choncho, anamva kutsokomola m'nyumba. Analowa n'kugwada pafupi ndi mphasa.

"Ndawamva ondilira," anatero a Geraldo motsitsa mawu. "Ndi ochepa, koma Otília amayesetsa."

"Pepani, ababa."

"Waiimba bwino, mpaka ine mwini ndinadzimvera chisoni. Koma nyimboyi ndi ya tsiku limodzi. Ukaigulitsa izilira m'mabaraka anthu akumwa, ndipo pofika tsiku langalo idzakhala itasukuluka." Kenako anati: "Zinazo pita nazo, ndadalitsa. Iyi undisungire, ndi lipenga lakelo. Sindichedwa kuifuna."

Hortência anatuluka, nadutsa pakati pa anthu amene ankatola makasu awo akung'ung'udza. Anakaima pachulu pamene foni imagwira, n'kuimbira wojambula nyimbo ku Beira.

"Yachitatuyo muichotse," anatero.

"Wapenga? Ndi imene igulitse chimbale!"

"Muichotse. Ili ndi mwini wake."