Macheka Amene Sanasambe Pochoka Kumanda

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi a Jeremiah, mkulu wokonza njinga pa msika wa Mitundu, tsiku lina ndikudikira kuti andimatire chubu. Anati zinachitika mu 1984, m'mudzi wina wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ndipo iwo analipo.

M'mudzimo munali munthu wina dzina lake Efulemu, yemwe anagula macheka a injini kwa kapitawo wa pa esiteti ina ya fodya. Anali akale, penti itasupuka, koma tsiku logula analira bwinobwino. Sabata isanathe, bambo ake a Efulemu anamwalira. Mkuluyo anali atapempha chinthu chimodzi chokha: asadzamukulunge mu mphasa, adzamuike m'bokosi la mtengo wa malaina umene anabzala yekha kuseri kwa khola. Efulemu analonjeza, mlongo wake Masozi akumva.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo thupi silikanatha kugonanso m'nyumba. Mamawa amuna anagwetsa malainawo ndi nkhwangwa. Efulemu anakoka chingwe, makina analira, anacheka kutalika kwa mkono umodzi, kenaka anatsokomola kawiri n'kuzima.

Anaganiza kuti petulo watha. Atapotokola chivindikiro cha thanki, anamva kuti hiii, ngati munthu amene wakoka mpweya atatsekedwa kukamwa nthawi yaitali. Petulo analimo wodzaza. Anatseka, anakoka chingwe, analira. Mkono wina umodzi, zii.

Efulemu sanali mbuli pa za injini, anagwirapo ntchito pa chigayo ku Nathenje. Anachotsa pulagi, anaipeza youma, kusonyeza kuti petulo sakufika. Anavuula kasefa ka m'thanki ndi waya, anakatsuka. Anauzira m'kapaipi, mpweya unadutsa. Anakhuthula petulo yense, anasakaniza wina ndi oyilo m'botolo, anathira. Mpaka anamasula kabuleta n'kuipukuta ndi nthenga ya nkhuku. Koma zinali zomwezo: mkono umodzi, kutsokomola, zii. Ndipo akangotsegula thanki, kupuma kuja. Amuna amene anamuzungulira anayamba kusuntha chammbuyo mmodzimmodzi, wina aliyense atapeza chochita kwina.

Dzuwa litafika pamutu adzukulu anabwera kuchokera kumanda, makasu ali pamapewa. Mtsogoleri wawo anali a Jeremiah aja. Paja adzukulu pa maliro salekeka kukamwa.

"A Efulemu, ife nyumba tamanga. Nanga bedi lili kuti? Kapena mdalayu akagone pansi ngati mlendo wa ku mowa?"

"Musandisokoneze, a Jeremiah. Petulo sakukwera."

"Mupatseni phala, mwina ndi njala."

Efulemu anaweramira pa thanki. Anapotokola chivindikiro. Hiii.

A Jeremiah anasiya kuseka. Anatsitsa khasu pansi pang'onopang'ono.

"Chitsulochi munachitenga kuti?"

Efulemu anatchula esitetiyo. Adzukulu anayang'anizana. Aliyense ankadziwa kuti chaka chathacho esitetiyo inakuza minda yake n'kumeza manda a mudzi wina, nkhalango yonse n'kugwetsedwa tsiku limodzi. Palibe anadandaula. Masiku amenewo wodandaula za esiteti ya akuluakulu ankatha kunyamulidwa osaonekanso.

"Ndiye kuti ndi chimene chinadula mthunzi wa anthu aja," anatero a Jeremiah motsitsa mawu. "Chinasamba?"

"Kusamba bwanji?"

"Khasu ili likalowa kumanda silibwerera kumunda lisanatsukidwe. Nkhwangwa chimodzimodzi. Inu mukuti ichi si chitsulo?"

Efulemu anayang'ana makinawo. Anali munthu wa tchalitchi, komanso ankadziwa bwino kuti madzi akalowa mu injini ndiye kuti basi. Akalola kuti awatsuke, makina afa, ndipo bokosi silioneka. Akakana, dzuwa likupita. Ali m'malingaliro choncho, anaona amayi awiri akutuluka m'nyumba ya maliro atanyamula mphasa yatsopano. Masozi anathamangira kwa iye, maso ali psuu.

"Achimwene, ayamba kuyeza mphasa. Munawauza chiyani abambo?"

Efulemu ananyamula makinawo n'kuwaika pa mapazi pa a Jeremiah.

Adzukulu anabweretsa beseni la madzi ndi masamba omwe amatsukira makasu. A Jeremiah anagwada, anayamba kupaka kuyambira ku mano mpaka ku chivindikiro, uku akulankhula ngati akulankhula ndi munthu wokhala pa mpando.

"Pepani eni ake. Si ife tinakuvulani mthunzi. Mnzanu akubwera konko lero, tikupempha matabwa asanu ndi limodzi okha."

Efulemu anasuzumira m'beseni. Madzi anali atafiira ngati katondo wa pansi pa dzenje, chonsecho m'mudzimo dothi ndi lakuda, la kudambo.

Anapukuta makinawo ndi malaya ake. Anakoka chingwe kamodzi kokha. Analira, ndipo ulendo uno sanatsokomole. Thabwa loyamba linagwa, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi, amisiri akukhomera pompo. Kenaka Efulemu anakumbukira mtanda. Anangoti mano akhudze mtengo kachisanu ndi chiwiri, makina anazima. Anatsegula thanki, makutu ali tcheru. Munalibe kupuma kulikonse.

Mkuluyo anaikidwa m'bokosi lake la malaina dzuwa lisanalowe, mtanda wake uli wa timitengo tiwiri tomanga ndi luzi. Makinawo akuti sanalirenso, ngakhale anawatengera kwa amakaniko atatu.

Ine ndayenda, ndipo nkhani za anthu ndamva zambiri. Nditafika pa Nathenje ndinafunsa makaniko wina. Anandiuza kuti pa thanki ya makina otere pamakhala kabowo kopumira, kakatsekeka ndi matope petulo sayenda, ndipo potsegula pamamveka mpweya. Ndiye mwina madzi aja anangotsuka kabowoko. Za thabwa lachisanu ndi chiwiri anangoti makina akale amafa tsiku lililonse. Kunena zoona, ine ndikukayika ngati a Jeremiah anatchuladi nambala ya matabwa asanachekedwe, kapena anaiwonjezera pambuyo pake, poti nkhaniyi aifotokoza kwa anthu ambiri odikira njinga.