Tsiku Limene Jombo Anaphunzira Kuodira

Kampani ya boma imene msuweni wanga Vitalis ankagwirako itagulitsidwa mu 1998, anzake amene anachotsedwa nawo ntchito anagula ng'ombe. Iye anakwera basi ya ku Lusaka, nabwerako ndi TV, jenereta ndi kabokosi kotuwa ka masewera. Ine ndinamuuza pamaso kuti mutu wake sukugwira. Pachisuweni sitibisana mawu.

Anapeza chipinda kuseri kwa msika wa Nyimba, natseka mawindo ndi masaka, naika mabenchi. Anthu ankadzaza masanasana ngati akudzaonera filimu, ndipo kunena zoona inali ngati filimu: nyimbo zogunda pamtima, moto, mvula, ndi chimunthu cha chifuwa chotambalala chimene mudzi wake unatenthedwa ndi achifwamba. Tinachitcha Jombo chifukwa cha nsapato zake. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani ikafika pena inkaima, ndiye Vitalis ankamuyendetsa Jombo ndi zala pa kachipangizo ka chingwe. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhomo, diso limodzi lili m'kati.

Tsono Vitalis ankafuna kukwatira Keziah wa kufupi ndi Minga, ndipo mawu omaliza anali kwa amalume a mtsikanayo, a Francisco. Iwowa anathawa nkhondo ku Mozambique, nkhondo itatha anangokhaliratu kuno n'kumalima mtedza. Atamva za ntchito ya Vitalis anati mwamuna wokhala mumdima dzuwa lili pamutu ayenera kukamuona okha. Loweruka lina anatsika minibasi atavala jekete, nakhala pa benchi yakutsogolo, chipewa chili pamaondo.

Gawo loyamba linayamba lokha monga mwa masiku onse. Nyumba zinayaka, Jombo anagwada m'phulusa, nyimbo inalira. A Francisco sanaphethire. Kenako Jombo anafika pamudzi wina, ndipo Vitalis, pofuna kuonetsa luso, anamuthamangitsa mpaka pakhomo loyamba. Chitseko gwa! Mbiya zitatu phwa! Anatola mankhwala ndi zipolopolo zimene zinali m'mbiyamo, mayi wachikulire mwini nyumba atangoima kukhala ngati sakuona. Anthu anaomba m'manja.

"Imani," anatero a Francisco. "Uyu munthu ayenda yekha, kapena ni imwe mumuyendetsa?"

"Ni ine, bambo," anayankha Vitalis, mano onse panja.

Ine pakhomopo ndinagwira mutu. Chitsiru chinadziwotcha chokha.

"Ndiye ni imwe mwalowa m'nyumba ya amai aja kopanda odi?"

"Bambo, ndiye mwamene anapangila masewela. Mumbiya ndiye muli mankhwala."

"Mbiya ni zanu?"

Vitalis anayambiranso masewerawo pachiyambi.

Ulendo uno Jombo anafika pakhomo naima. Vitalis anakuwa yekha kuti, "Odi!" TV sinayankhe. Anafuna kukankha chitseko, koma a Francisco anakweza chala: munthu amadikira. Tinadikiradi, Jombo akungopuma pakhomo la eni, mpaka Wiseman telala, amene sangathe kukhala chete ngakhale pamaliro, anayankha ndi mawu a nkhalamba kuchokera kumbuyo: "Lowani, mwanangu!" Anthu anagwa nazo kuseka. Jombo analowa, ndipo Vitalis anadina batani lobisalira adani, Jomboyo n'kunjuta bwinobwino pamaso pa mayi uja. A Francisco anagwedeza mutu kuvomereza. Mbiya anazilambalala ngati muli njoka.

Koma ulemu sulowa mumfuti. Achifwamba atatulukira paphiri, Jombo analibe chipolopolo ngakhale chimodzi. Anamuwombera, ndipo anagwa pang'onopang'ono monga amafera anthu a m'makina, mvula ikumugwa kumaso, chithunzi chikumuzungulira, nyimbo yachisoni ikukwera. Anayambiranso: odi, lowani, kunjuta, imfa. Kachitatu chimodzimodzi. Apa anthu kuseka kunawathera.

"Phwanya mbiya, iwe!"

"Tinabwela kuona nkhondo ise, osati chinkhoswe!"

Kachinayi Jombo anathawira m'nyumba ya mayi uja atavulala, TV yonse itafiira, mtima wake ukumveka kugunda. Mbiya inali pamapazi pake penipeni. Kudina kamodzi kokha, akanachira. Mabenchi anali kugwedezeka ndi phokoso, ena ataimirira kale kuti azipita ndipo akulumbira kuti sadzabweranso. Ndinaona chala cha Vitalis chili pamwamba pa batani, thukuta likutsikira m'khosi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinamumvera chisoni msuweni wangayo. Chalacho sichinatsike. Achifwamba analowa, Jombo anagwa pambali pa mbiya yosasweka.

Anthu anatuluka akutukwana, ngakhale zitumbuwa zanga sanaziyang'ane. A Francisco anatuluka pomaliza, naima padzuwa akupukuta chipewa ndi mkono wa jekete. Vitalis anawatsatira nkhope ili pansi.

"Kwathu ku Fingoe," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, "asilikali analowa mwamene munalowela poyamba paja. Chitseko na mwendo. Anaphwanya mbiya za amai anga zonse kusakila mchele, amai ali chiimile, ine nili pansi pa bedi. Lelo naona nyumba ija kachiwili."

Ine amene ndinadzuka m'mawa kukonzekera kuseka, ndinapezeka ndikupukuta maso ndi chitenje chamafuta.

"Nkhondo simuidziwa, mwana wanga, ndipo ntchito yanu iyi siniimvetsa," anapitiriza. "Koma munthu amene angafe kanayi kusiyila nkhalamba mbiya yake, sangamenye mwana wa mlongo wanga. Tumizani ankhoswe Sabata la mawa."

Vitalis anangogwada pafumbi msika wonse ukuona, akuomba m'manja, misozi ili chuchuchu.