Fulayiwilo ya Wophunzira

"Musakhudze, alamu, mudetsa manja," anatero Enos.

Lennah anabweza dzanja. Pa benchi la m'galaja ku Ras Al Khor, mumzinda wa Dubai, panali zitsulo ziwiri zozungulira ngati mbale zazikulu, china chonyezimira, china chakuda. Mwamuna wake Thumbiko anali atamwalira masiku anayi apitawo, mtima unangoima ali pantchito, ndipo thupi linkadikira mapepala kuti lipite ku Rumphi. Madamu amene Lennah ankawalerera ana kudera la JLT anamupatsa maola atatu okha oti akatenge katundu wa malemu. Lennah anapeza Enos, mng'ono wake wa Thumbiko, atafika kale ndi yunifomu yake ya ulonda, makiyi ali m'thumba.

Pakona panali galimoto ya Thumbiko yofiira ya mipando iwiri, itakhala pa majeki. Zaka zinayi, Lamlungu lililonse, tsiku lokhalo limene Lennah ankapuma, Thumbiko ankati ali kunsi kwa galimotoyo. "Pirira, Lennah. Ikadzangoyenda, woyamba kukwera ndiwe." Mayi wa anthu anapirira, namapita kutchalitchi yekha ngati mbeta.

"Galimoto ndi ya kubanja kwathu," anatero Enos. "Inu tengani maovolosi ndi Baibulo. Khalas, nkhani yatha."

"Sindikulanda, alamu. Ndingokhalamo kamodzi. Anandilonjeza."

Apo panatulukira Lameck, makaniko wa ku Chipata amene ankagwira ntchito ndi Thumbiko, akupukuta manja ndi kansanza. Anali munthu wa mtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe mabuleki.

"Pepani maliro, mayi. Mwaona zitsulozi? Ndi mafulayiwilo. Injini iyi ndi rotale, ilibe mapisitoni. Ikathamanga ndi chilombo, koma ponyamuka ilibe mphamvu. Yonyezimirayi ndi ya aluminiyamu, makilo anayi basi, ukangoponda mafuta injini imalira pompo. Thumbiko anaisirira miyezi iwiri, anaigula, anaimanga. Kenaka anaimasula yekha n'kubweretsa yachitsuloyi, ya makilo asanu ndi awiri. Wafa asanaimange."

"Anaimasuliranji?" anafunsa Lennah.

"Yopepuka imazimitsa galimoto ukafulumira kuchotsa phazi pa kilachi. Ndiye madamu ake akuphunzira kuyendetsa. Lamlungu lina inawazimira kasanu pageti apa mpaka analira. Thumbiko akuti, 'Liwiro lipite, bola Stellah asalire.' Ankakonda mkazi wake munthu uja! Inu ndinu achemwali ake?"

Kani galimoto inali itayenda kale. Lennah anayang'ana Enos, akuyembekeza kuti mwina achita manyazi, koma Enos ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Ndinakuuzani kuti musakhudze, alamu."

Lameck atamva mawu akuti alamu, kansanza kanamugwa m'manja.

"Stellah ndi woyembekezera," anapitiriza Enos. "Amenewo ndi magazi athu, ndipo galimoto ikhala ya mwanayo. Inu zaka zonsezi mwalera ana a eni, kwathu mwatipatsa chiyani? Yalla, khalanimo msanga, madamu anu akudikira."

Lennah anafuna kulira, koma misozi yake sinali yoti Enos aione. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kulowa. Anali mkazi wamtali, ndipo maondo ake anagunda chiwongolero, chifukwa mpando unali utakankhidwira kutsogolo mpaka pamapeto. Kumsana anamva kanthu kofewa. Anakasolola.

Kanali kapilo kosokedwa ndi chitenje chake cha maluwa achikasu, chimene Thumbiko anamupempha chaka chatha kuti azifunda akamusowa. Msoko wake unali wa Thumbiko yemwe, ulusi wakuda wokhuthala, wobwerezedwa kawiri m'makona kuti usadzamasuke. Ndi mmene ankachitira ndi chilichonse chimene wachikonda.

Lennah anayendetsa chala pamsokowo mpaka pamene unathera. Kenaka anabwezera kapiloko pamalo pake, anakawongola, natuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.