Wokuntha Matumba a Fumbi

1.
M'nyumba wina akutsokomola.

2.
Fakitale ya laimu siima. Kaya kugwe maliro, kaya ndi Khrisimasi, chumuni chake chimalavula fumbi loyera, ndipo fumbilo limakatera pa
madenga,
masamba a mpiru,
zovala zoyanika,
chifuwa cha Ndaziona, mwana mmodzi yekhayo wa Lufeyo Kambalame.

3.
Lufeyo amasenza matumba a laimu pafakitalepo. Ndiye anatsogolera anzake kukadandaula kwa mabwana. Ana athu akutha, anatero. Pakamwa pa Lufeyo! Anaiwala kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi amamusemera kuti imufotere yekha.

4.
Zitsulo zinabwera pa malole pamodzi ndi amisiri a zipewa zachikasu amene anakwera kukawotcherera mapaipi makina akulirabe pansi pawo chifukwa fakitale siima, ndipo anaimika chinyumba chachitsulo pambali pa chumuni, m'kati mwake atapachikamo matumba ansalu ataliatali onga miyendo ya buluku kuti utsi uzidutsamo fumbi n'kumatsalira, ndipo tsiku limene anachiyatsa Lufeyo anayang'ana kumwamba n'kuona thambo lenileni, nalira pamaso pa amuna anzake osachita manyazi

5.
Koma injini yogwedeza matumbawo sinabwere. Akuti inatsakamira kudoko. Popanda iyo matumba amadzaza, utsi n'kusowa podutsa.

Kapitawo Zalimba anamuitana Lufeyo, ndodo ili m'manja.
Kambalame, si iwe unalira? Tenga. Uzilowa m'chinyumbamo, uzikuntha matumbawo ngati mphasa.
Nanga chotchingira kumphuno, bwana?
Chikubwera ndi injini.
Ndikakana?
Titsegula chumuni chakale. Fakitale siima.

Lufeyo anaganiza za chifuwa cha mwana wake. Anailandira ndodoyo ndi manja awiri.

6.
Fumbi silifa. Limangosamuka.

7.
Mkazi wake, Nasibeko, anamuchingamira pakhomo akuseka.
Bambo a Ndaziona, taonani zovala! Mbuu uja watha. Ndiwo ndangotsuka kamodzi.
Lufeyo anagwedeza mutu. Akanayankha, koma kukhosi kunali kukuwotcha.
Nanga inu mwayera bwanji chonchi ngati mwagwera mu ufa?
Ntchito, mayi. Andikweza.

8.
Kuntha.
Mdima woyera.
Kuntha.
Fumbi lonse la mudzi, la madenga, la mpiru, la zovala, la ana a eni ake, m'chipinda chimodzi ndi munthu mmodzi.
Kuntha.

9.
Anabwera alendo ochokera kumzinda ndi kachipangizo koyezera mpweya. Anayeza pachumuni. Anayeza pachipata. Anawomba m'manja, najambulitsa atatsamira chinyumba chachitsulo. Anamva kugogoda m'kati, kapitawo nati ndi makina.

10.
Mvula inabwera, inapita.
Bwana, injini ija?
Zalimba sanamuyang'ane Lufeyo kumaso.
Akuluakulu aibweza. Akuti ya chiyani, poti zinthu zikuyenda.
Lufeyo anapempha anzake kuti azisinthana. Onse anali ndi ana, ndipo onse anali atamva mmene iye amapumira. Lufeyo sanawakwiyire. Anangochita mantha, mantha enieni, nabwerera ku ndodo yake.

11.
Fumbi silifa.

12.
Lamulungu masana. Thambo lili ngwee. Zovala zikuuma pachingwe, mpiru wabiriwira. Pabwalo Ndaziona akudumpha chingwe ndi anzake, akuimba mokweza, mpweya osamuthera.

M'nyumba wina akutsokomola.